Kadontho Kofiira ka ku Mozambiki

Uthenga unafika Lolemba masana pa foni ya Moffat, chifukwa foni ya mlongo wake Marita inali ya mabatani, yongoimbira basi. Moffat anali pa siteji ya kabaza ku Mponela. Atangoumva, analiza njinga yake yamoto n'kulunjika ku Nachisaka osadikiranso kasitomala.

Anamupeza Marita akupalira mtedza kuseri kwa nyumba. Sanapatsane moni wokwanira. Moffat anangotulutsa foni n'kudina, ndipo panamveka mawu a munthu wosamudziwa, mphepo ikuwomba mwamphamvu kumbuyo kwake.

"Muli bwanji kumudziko? Ndine Victor wa ku Ntchisi, ndimalima fodya limodzi ndi a Solomoni kuno ku Mozambiki. Anzathuwa sali bwino. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ali chigonere, sakudya, thupi likungotentha. Bwana wa munda ali ku Tete, galimoto kuno kulibe. Ngati n'kotheka bwerani mudzawatenge msanga. Malo ndakutumizirani pa mapu."

Marita anaika khasu pansi pang'onopang'ono. Solomoni, mwamuna wake, anachoka mu Seputembala kukakhala tenanti pa munda wa fodya kutsidya kwa malire. Dzina la mudzi sanalitchulepo. Akafunsidwa ankangoti ndi kupitirira Ulongwe, kumapiri.

"Malowo ndi ati, achimwene?"

Moffat anamuonetsa kadontho kofiira kamene kanali pansi pa uthengawo. Atakadina, mapu anatseguka, koma kuzungulira kadonthoko kunali kobiriwira kokhakokha, kopanda dzina lililonse limene iwo ankalidziwa.

"Alamu ali apa," anatero Moffat. "Mawa tikawatenga. Ine kutsogolo, iwo pakati, iwe kumbuyo kuwagwira. Molunjika ku chipatala cha Madisi."

Moffat anali asanapitirirepo Lilongwe pa njinga yakeyo. Misewu ya Dowa ankaidziwa ndi maenje ake omwe, koma mapu a pa foni anali asanawagwiritsepo ntchito. Choncho madzulo a tsiku lomwelo anatengana ndi Marita kupita ku Madisi kwa mayi Lidia, mphunzitsi wa kusekondale amene Moffat ankawanyamula m'mawa uliwonse. Iwo anapitako ku Zambia ku maphunziro, ndipo zinthu za pa foni ankazidziwa.

Mayi Lidia anavala magalasi n'kumvetsera uthengawo kawiri.

"Choyamba n'chakuti mukangodutsa chipata cha Dedza, layini yanuyi ifa. Simudzaimba, simudzalandira uthenga. Mapu amene mukuonawa akubwera ndi netiweki, ndiye nawonso azimiririka. Tiyenera kuwatsitsa lero lomwe kuti akhale m'foni momwemo."

"Tsitsani, madamu. Bandulo ndagula."

Anayesa, koma foni inakana.

"A Moffat, foni yanu yadzaza ngati minibasi ya tsiku la msika. Muli chiyani umu?"

"Nyimbo za kwaya, madamu."

"Kwaya yake iti yovina chotere? Kutchalitchi kwathu sitinaionepo."

Moffat anakanda m'mutu n'kuyang'ana kumbali. Marita sanaseke. Mayi Lidia anafufuta mavidiyo onse, nyimbo zonse, ndi zithunzi za ukwati wa mnzake wa pa siteji. Malo anapezeka, koma ochepa, chifukwa foniyo inali yakale. Pa galasi panaoneka kabokosi kosonyeza dera loti litsitsidwe. Mayi Lidia anakachepetsa ndi zala ziwiri, foni n'kukanabe. Anakachepetsanso, kufikira katasanduka kakang'ono kongokwana kuyambira ku Dedza, kudutsa Ulongwe, n'kukathera pa kadontho kofiira. Kadonthoko kanali m'mphepete mwenimweni, kumadzulo.

"Kupitirira apa simufikako, si choncho?"

"Tikatani kumeneko? Munthu ali pa kadonthopo."

Mapu anatenga nthawi kuti alowe. Kenako mayi Lidia anawaphunzitsa. Kadontho kabuluu ndi iwo eni, ndipo kamayenda ngakhale kopanda netiweki. Mzere wokhuthala ndiwo njira. Akaona kabuluu katasiya mzere, abwerere pamene asokera. Foni isathe moto, isanyowe. Anamuuza Moffat kuti azimitse netiweki n'kuyenda mpaka pa mpanda wa sukulu, aone yekha kuti kabuluu kakumutsatira. Moffat anabwerako akumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Chinthu ichi chikundiona, madamu."

Asanachoke, Moffat anamuyankha Victor kuti akunyamuka mawa m'mamawa. Uthengawo unapita, koma sunasonyeze kuti wafika.

Kumudzi, a Yosefe, atsibweni a Solomoni, anavomereza ulendowo n'kupemphera. Marita anamanga ufa wa phala, shuga, bulangete ndi zitenje ziwiri zolimba zomangira wodwala kumsana kwa woyendetsa. Moffat anakulunga foni m'pepala la pulasitiki loonekera, n'kuimangirira pa chiwongolero ndi mphira, waya wa moto utalowa pansi pake. Hope, mwana woyamba wa Marita ndi Solomoni, anauzidwa kuti asamale azing'ono ake masiku awiri.

Ananyamuka Lachiwiri kum'mawa kukuyera. Nkhungu inali itaphimba mapiri a Dowa, ndipo pofika ku Mponela zala za Marita zinali zitauma ndi kuzizira. Anadutsa Lilongwe magalimoto asanachuluke. Ku Dedza anaonetsa zitupa zawo ndi mapepala a njinga, n'kudikira pa mzere ola lathunthu. Atangolowa tsidya linalo, timizere ta netiweki pa foni tinazimiririka monga mmene mayi Lidia ananenera, koma kadontho kabuluu kanapitiriza kukwawa pa mzere wake.

Ku Ulongwe anathira mafuta n'kudzazanso chigubu. Phula linatha. Msewu unasanduka wa dothi lofiira, woterera, wokumbika ndi mvula. Kawiri konse anafika pa mphambano yopanda chikwangwani, ndipo kawiri konse mapu anawauza zoona. Pa mphambano yachitatu Moffat anakhota molakwika, koma asanayende patali anaona kabuluu katasiya mzere, n'kubwerera.

"Ukuona? Popanda ichi tikanakafika ku Zambia."

Marita ankangosuzumira paphewa pa mchimwene wake kuona mpata wa pakati pa timadontho tiwiri tija ukuchepa. Mumtima ankakonza zoti akangofika aphike phala lamadzimadzi, amumwetse mwamuna wake pang'ono, agone, m'mawa anyamuke.

Cha m'ma folo koloko masana, mzere unasiya msewu n'kulowa m'kanjira ka miyendo kokwera phiri. Njinga inakwera movutika, Marita n'kutsika kuti ayende pansi. Pamwamba panali thanthwe lalikulu, mtengo umodzi wa msuku, ndi chulu chosalala chifukwa chopondedwapondedwa. Mphepo inkawomba mwamphamvu. Kadontho kabuluu kanali katakhala pamwamba penipeni pa kofiira.

Panalibe nyumba. Panalibe chigafa, munda wa fodya, ngakhale utsi.

Moffat anazungulira thanthwe lonse. Anagwedeza foni, anaizimitsa n'kuiyatsanso. Kabuluu kanabwerera pamalo pomwepo.

"Achimwene, bambo a Hope ali kuti?"

"Dikira kaye."

"Mwati ali pa kadonthopo. Tafika pa kadonthopo."

Pamene ankalankhula, mayi wina anatulukira kumbali ina ya phiri atasenza kadengu. Anawapatsa moni m'Chichewa cha kumeneko, n'kunena kuti dzina lake ndi Susana. Anakwera pachulu, anatula kadengu, n'kuyamba kutulutsamo mafoni. Analipo asanu ndi awiri. Anawandandalika pa chitenje, ndipo posakhalitsa anayamba kulira limodzi ndi limodzi, mauthenga akulowa.

"Lero ndi tsiku langa," anatero poona kuti alendowo akudabwa. "Timasinthana. Kumusiku foni sizigwira. Dera lonse lino netiweki ili pachulu pano pokha."

Moffat anakhala pansi pathanthwe. Anamvetsa tsopano chimene mphepo ya mu uthenga uja inkatanthauza. Foni imatumiza malo amene munthu waima, ndipo Victor anali ataima pachulupo.

Marita anafotokoza za mwamuna wake. Susana anapukusa mutu. Anati pachulupo pamabwera anthu ochokera mbali zonse, ena oyenda maola awiri, ndipo Amalawi olima fodya ngambiri. Dzina la Solomoni sanalimvepo.

"Victor ameneyo ngwamtali kapena wamfupi?"

"Sitinamuonepo. Timangodziwa mawu ake."

Susana anawabwereka foni imodzi. Anaimba nambala ya Victor katatu, koma sinkapezeka. Anasiya uthenga woti afika paphiri.

"Aulandira akadzakwera kuno, kaya mawa, kaya mkuja," anatero Susana. "Minda ya Amalawi imene ndikuidziwa ilipo iwiri. Wina uli uko kumpoto, motsata msewu. Wina uli kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje. Uti mwa iwiriyi, ine sindinganame."

Moffat anayang'ana pa mapu. Kumpoto msewu unkaoneka bwinobwino, ndipo atakulitsa anaona timabokosi tondondozana tooneka ngati zigafa. Kumadzulo mapu ankathera m'munsi mwa phiri lomwelo. Kupitirira apo kunali kotuwa, kopanda msewu, kopanda mtsinje.

"Tipite kumadzulo," anatero Marita. "Anandiuzapo kuti amasamba kumtsinje."

"Mtsinje uli paliponse. Taona kuno, zigafa izi. Uku kulibe kanthu. Mvula ikubwera, mafuta ndi omwewa. Tikasokera kopanda mapu atipeza ndani?"

"Nanga tikadikira pano?"

"Kudikira mpaka mkuja, munthu akudwala?"

Marita anayang'ana kumadzulo. Mitambo yakuda inali itatsikira m'chigwa. Anakwera njinga, ndipo analowera kumpoto.

Zigafa zinalipodi, ndipo Amalawi analipo, koma anali a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anafikako dzuwa likulowa, mvula itawanyowetsa mpaka mkati. Bambo wina wachikulire amene ankasoka fodya anawamvetsera mpaka kumapeto.

"A ku Dowa ndi a ku Ntchisi ali kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje. Mwabwera kolakwika. Koma lero musayerekeze, mtsinje umenewo ukadzaza umatenga ng'ombe."

Anagona m'chigafa, pansi pa fodya wonunkha chinyezi, ndipo mvula sinakate mpaka kucha.

Lachitatu anabwerera njira yomweyo, n'kuzungulira m'munsi mwa phiri lija. Pasanapite nthawi kadontho kabuluu kanatuluka m'mapu n'kuyamba kuyandama pa malo otuwa. Moffat anasiya kuyang'ana foni. Ankaima pa nyumba iliyonse n'kufunsa, anthu n'kumuloza ndi dzanja. Pamtsinje madzi anali ofika m'chiuno. Amuna atatu amene ankawoloka ndi makasu anawathandiza kunyamula njinga pa mitengo iwiri, Marita akuwoloka atasenza katundu pamutu, ufa wa phala uli pamwamba kuti usanyowe.

Atakwera kutsidya n'kuyenda pang'ono, anapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira.

Moffat anazimitsa injini, monga mmene aliyense amachitira podutsa pa maliro. Anatsika n'kuyamba kukankha njinga. Marita anaima pa masambawo osawalumpha.

"Mwina ndi munthu wina," anatero Moffat. "Pano pali anthu ambiri."

Kutsogoloko kunali tinyumba ta udzu tisanu ndi zigafa zitatu. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo. Azimayi ochepa ankaimba nyimbo ya m'buku motsitsa mawu, nyimbo yomwe amaimba kwawo ku Nachisaka. Mnyamata wamkulu, wowonda, wovala malaya ong'ambika paphewa, anadzuka n'kubwera kudzawachingamira atavula chipewa. Atangotsegula pakamwa, Marita anawazindikira mawu aja.

"Ndinu mayi a Hope? Pepani, mayi. Atisiya lero m'mamawa, tambala atalira kachiwiri."

Marita anatula katundu wake pansi bwinobwino, ngati muli mazira. Azimayi awiri anabwera kudzamugwira m'mikono n'kulowa naye m'kanyumba kakumapeto. Kulira kwake kunamveka patapita kanthawi.

Moffat anasiya njinga kuti igwe yokha.

"Munatitumizira phiri! Ife tinafika dzulo folo koloko, tinapeza chulu!"

"Nanga ndikanatumizira pati, achimwene? Kuno foni ndi tochi chabe." Victor ankapotokola chipewa m'manja. "Dzulo m'mawa ndinakwera, ndinaupeza uthenga wanu. Ndinakuyankhani kuti mukafika paphiri mutsikire kumadzulo, muwoloke mtsinje, mufunse kwa a Ntchisi. Ndinadikira mpaka thu koloko. Kenako ndinaopa kuti munthu ndamusiya yekha nthawi yaitali."

"Layini yanga inafera ku Dedza."

"Ine sindinadziwe zimenezo."

"Kuchokera paphiri kufika pano ndi nthawi yaitali bwanji?"

"Pa njinga yamoto? Ola silikwana. Dzulo madzulo mtsinje unali m'mawondo. Wadzaza ndi mvula ya usikuyi."

Moffat anakhala pansi pomwepo, m'matope.

Masana akuluakulu a pamalopo anakumana. Moffat ananena kuti alamu ake apita kwawo, awamangirira kumsana ndi zitenje n'kuwaveka chipewa cha njinga ngati wodwala. Palibe anamuseka. Bambo wina wa ku Ntchisi, amene anali mkulu wa mpingo kwawo, anayankha mofatsa kuti mtsinje wadzaza, njira ndi ya tsiku lathunthu, ndipo pa chipata sadutsa ndi maliro opanda mapepala. Mapepalawo angatenge masiku, ndipo kunja kukutentha.

Anatumiza mayi wina kukafunsa Marita. Iye anatuluka yekha, maso atatupa, n'kugwada patali pang'ono ndi amunawo.

"Musawavutitsenso pa njinga. Agone konkuno."

Bokosi analikhoma ndi matabwa a chitseko cha kanyumba ka Solomoni ndi a benchi yosankhirapo fodya. Marita anapereka bulangete limene anabwera nalo. Anamuika m'mphepete mwa munda, pafupi ndi manda ena awiri a matenanti, mkulu wa mpingo uja akuwerenga mawu m'Baibulo lopanda chikuto. Pochokera kumanda Marita anamuyandikira Victor.

"Ananenapo kanthu?"

"Dzulo madzulo anamva kulira kwa njinga yamoto kutali. Anafunsa ngati ndi inu. Ndinawauza kuti muli m'njira."

"Anati chiyani?"

"Anati ndiwathandize kuvala nsapato."

Lachinayi m'mawa madzi anali atatsika. Victor anawaperekeza, atakwera pakati pa awiriwo, chifukwa foni yake yokha ndiyo ikanatha kuimba kumudzi. Katundu wa Solomoni anakwana m'thumba limodzi la feteleza. Atafika pamwamba pa phiri, Moffat anakaima patali, pafupi ndi mtengo wa msuku, atafulatira.

Victor anakwera pachulu, anadikira kuti timizere tibwere, n'kumupatsa Marita foni. Marita anaimba nambala ya kafoni kake ka mabatani kamene anawasiyira ana. Inangolira kamodzi.

"Amayi! Mwafika? Dzulo tinakudikirani. Ababa ali bwanji?"

Mphepo inkawomba chitenje chake. Marita anatseka khutu linalo ndi chala kuti amve bwino.

"Hope, azing'ono ako adya?"

"Adya. Ababa mwawapeza? Ndilankhule nawo."

"Thamanga kwa agogo ako a Yosefe, ukawapatse foniyo. Usadule. Ndidikira."

Anamva mwanayo akuthamanga, mapazi akugunda pansi, nkhuku zikubalalika, mpweya wake ukumveka pa foni. Marita anakhala pansi pachulupo n'kudikira.